Tenti ya pa boti: musangoyang'ana nsalu, funsaninso za ulusi, zipi ndi pulasitiki ya mawindo

Anthu ambiri akafuna kuika tenti pa boti funso lawo limakhala limodzi chabe, ati nsalu yolimba ndi iti, ndipo akangopeza yokhuthala bwino amaona ngati nkhani yatha. Koma tenti ya pa boti si nsalu yokha ayi. Pali nsalu ya denga, pali pulasitiki yoonekera ya m'mbali ija timati mawindo, pali ulusi, mazipi, mabatani omatira, ndiye pali mapaipi amene anyamula zonsezo. Chilichonse chimakalamba pa nthawi yake ndipo tenti imatha tsiku limene chofooka mwa zimenezi chatha, nthawi zambiri nsalu ikadali bwinobwino. Matenti amene amabwera kudzakonzedwa ambiri amakhala choncho, nsalu ukaikoka siing'ambika koma misoko yonse yamasuka, zipi mano agweluka, windo lachita chikasu moti mvuu ingatulukire pafupi iwe osaiona. Ndalama zambiri zinathera pa nsalu, zotsala zija munthu anangoti chilichonse chili bwino, ndipo zimenezo ndi zimene zimandipweteka mtima chifukwa kusiyana kwa mtengo pa tinthu ting'onoting'onoto sikukhala kwakukulu.

Zambiri zimene mungawerenge pa intaneti analemba ndi anthu a ku nyanja zamchere, ku Florida, ku Cape Town uko, iwo nkhawa yawo yaikulu ndi mchere. Ife kuno kum'mawa kwa Zambia madzi athu alibe mchere, kaya ndi Luangwa, kaya ndi madamu, kaya mwakoka boti pa thirela kudutsa pa Mwami kupita ku Senga Bay, kapena kudzera ku Katete pa Chanida kulowera ku Cahora Bassa. Chimene chimatha matenti athu ndi dzuwa. Chipata ili pa madigiri 13 ndi theka kumwera kwa equator, so kumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Febuluwale dzuwa limadutsa pamutu penipeni ndipo miyezi ya pakati pake silipita kutali. Mukatsikira kuchigwa ku Mfuwe mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, chitsulo cha boti osachigwira ndi dzanja. Koma choononga kwenikweni si kutentha kumene mukumva pakhungu, ndi kuwala kwa UV kumene maso saona, kumadula pang'onopang'ono ulusi wa pulasitiki umene nsalu inalukidwa nawo mpaka nsaluyo iyambe kuyoyoka yokha. Dzuwa likatha ntchito yake mvula imabwera kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo ku Luangwa nthawi imene maboti amayenda kwambiri ndi yomweyo, Januwale mpaka chakuma Epulo mtsinje utadzaza, ndiye tenti imanyowa lero, mawa, mkuja, osapeza mpata wouma. Chilimwe fumbi. Mukasunga mu sitolo makoswe ndi chiswe. Nsalu imene mukusankha iyenera kukumana ndi zonsezi.

Tenti ya buluu ija yoyanikira chimanga, ena amati lona, pa boti iiwaleni chabe. Ndi polyethylene yolukidwa, yotchipa zoona ndipo yokwiririra katundu masiku angapo ili bwino, koma ikakhala padzuwa miyezi yochepa imayamba kusenda, timaringi take timazuka mphepo ikangowomba mwamphamvu, ndipo tizidutswa take tonse timathera mumtsinje momwemo.

Kanivasi yeniyeni yakale ndi ya thonje, thonje lomweli timalima ku Katete ndi ku Petauke. Ili ndi khalidwe labwino limodzi, ikanyowa ulusi wake umafufuma nkutseka timabowo tonse ndiye madzi salowa, ikauma timabowo timatseguka mpweya nkumadutsa, nchifukwa chake pansi pa kanivasi ya thonje pamazizira bwino. Koma thonje ndi chomera, limaola, limachita chuku, limafupika likachapidwa ndipo likanyowa limalemera maningi. Chimene chimapezeka masiku ano ndi ripstop, ija mumaiona pa matenti a malodge ku Mfuwe ndi pa madenga a magalimoto oonetsa alendo nyama, yambiri imachokera ku South Africa. Ina ndi polyester yosakaniza ndi thonje, ina polyester yokhayokha, ndipo mukaiyang'anitsitsa muona timabokosi ting'onoting'ono, umenewo ndi ulusi wokhuthala umene anaulowetsa dala kuti pakang'ambika pasapitirire. Kulemera kwake amayeza ndi gsm, kutanthauza magalamu pa sikweya mita imodzi, ndipo ya matenti abwino imakhala cha m'ma 400 mpaka 550. Kwa ife ripstop ndi yabwino ndithu chifukwa imapezeka, matelala athu amaidziwa, chigamba chake sichisowa. Chofunika nchakuti ngati ili ndi thonje musaipinde ili yonyowa olo tsiku limodzi.

Ndiye pali PVC, tenti ya mathiraki ija mumaiona pa Great East Road atakwirira fetereza kapena fodya. Mkati mwake muli nsalu ya polyester, kunja anamata pulasitiki mbali zonse ziwiri, ndipo nthawi zambiri imalemera 550 mpaka 700 gsm. Madzi salowa olo dontho, kutsuka nkosavuta, ikabooka mutha kumata chigamba ndi guluu wa PVC osasoka nkomwe. Vuto ndi loti siipuma. Mukatseka boti ndi PVC usiku, m'mawa mupeza mkati mwa denga muli madontho ngati mvula inalowa, chikhalirecho ndi chinyezi cha mkati momwemo chimene chinasowa potulukira, ndipo mipando ndi malife jacket zimachita chuku chifukwa cha zimenezo. Masana pansi pake pamatentha. Kulemera nakonso musakuone mopepuka, banana boat ndi yopapatiza ndipo kuika katundu wolemera pamwamba pa mitu ya anthu kumaipangitsa kuyepa mosavuta. Chinanso choti mudziwe, PVC payokha ndi youma gwa ngati paipi ya madzi, kuti ifewe amathiramo mafuta ena otchedwa plasticizer, ndipo dzuwa ndi kutentha zimatulutsa mafuta amenewo pang'onopang'ono. Mukaona tenti ya PVC yayamba kunanda m'manja fumbi nkumakakamira, mafuta aja akutuluka, chotsatira ndi kuuma ndi kusweka m'mopindika. Ilipo PVC yopangira maboti enieni, monga Stamoid ya kampani ya Serge Ferrari, yopepuka kuposa ya mathiraki ndipo imapirira dzuwa, koma nayonso siipuma, imafuna muisiyire timawindo totulutsira mpweya.

Polyester yopaka mankhwala ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa chifukwa dzina ndi limodzi koma nsalu zake ndi zosiyana kutali. Makava otchipa aja amalemba 600D ndi nsalu yomweyo amasokera zikwama za ana a sukulu, kumbuyo anapaka pulasitiki yopyapyala yotchedwa PU imene imakanganuka ikakhala pa chinyezi ndi kutentha. Koma ilipo polyester yabwino ya maboti, monga Top Gun kapena WeatherMax, ndipo ubwino wake waukulu ndi woti siiperepeseka msanga ikamakhuzana ndi chitsulo, siitamuka, ndi yamphamvu kuposa nsalu ya acrylic imene tikambe pansipa. Ngati boti lanu limakhala pa thirela nthawi zambiri, Chipata mpaka Lusaka ndi makilomita oposa 550 mphepo ikumenya nsalu njira yonse, kava ya paulendo ikhale ya polyester yabwino. Denga lenileni lopinda lija mulipinde ndi kulimanga musananyamuke, silinapangidwire liwiro la galimoto.

Pa nkhani ya dzuwa yokha, mfumu ndi acrylic imene amati solution-dyed. Apa ndikhalitsepo pang'ono chifukwa mawu amenewa ndi amene mukulipira. Nsalu wamba amayamba aluka kenako nkuinyika mu utoto, utotowo umangokhala kunja kwa ulusi. Solution-dyed amathira utoto acrylic ikadali yamadzimadzi asanaipange ulusi, ndiye mtundu umalowa mpaka pakati. Taganizani mbatata ziwiri, ina yofiira khungu lokha mkati yoyera, ina ya olenji ija imene olo muidule pati mtundu ndi womwewo. Dzuwa likasenda pamwamba, pansi pali mtundu womwewo, komanso acrylic mwachibadwa chake UV siiononga msanga ngati mmene imachitira ndi nylon kapena polyester wamba. Dzina lodziwika ndi Sunbrella, ya kampani ya Glen Raven ku North Carolina, inayamba mu 1961, ndipo ya maboti imalemera cha m'ma 310 gsm chabe, yopepuka kuposa ripstop koma eni ake amapereka chitsimikizo cha zaka 10. Imapuma, payokha siiola, ndipo mutha kuichapa ndi Jik wosungunula osasintha mtundu. Zofooka zake zilipo ndipo muzidziwe musanagule. Siipirira kukhuzana, pamene yakhudza kona ya paipi kapena galasi la kutsogolo imabooka, so pamalo amenewo telala asokerepo chigamba cha PVC kapena polyester mkati. Chachiwiri, madzi amatsetsereka chifukwa cha mankhwala amene anapaka ku fakitale, osati chifukwa nsaluyo ndi yotseka, mankhwalawo amatha ndi zaka ndi kuchapa ndipo muyenera kupakanso. Chachitatu, ngati madzi adikha padenga amadutsa, ndiye denga likhale lokungika ndi lotsetsereka.

Popeza dzina lotchuka limakhala ndi zabodza zake, pemphani kachidutswa musanalipire mpukutu. Sololani ulusi umodzi m'mphepete muupale ndi lezala, ngati mkati ndi moyera umenewo ndi utoto wa pamwamba. Dontheza Jik pa kachidutswako musiye kanthawi, solution-dyed yeniyeni siisintha. Ikani pakamwa muuzire, ngati mpweya ukudutsa pang'ono imapuma, ngati ayi ndi yomata pulasitiki. Mutha kuyatsanso kansonga ndi machesi panja, thonje limanunkha ngati pepala nkusiya phulusa lofewa, polyester imasungunuka nkusiya kampira kolimba kakuda, PVC imatulutsa fungo lotsamwitsa ndipo imazima yokha mukachotsa moto. Wogulitsa woona sakana kachidutswa kakang'ono.

Mtundu wa nsalu kuno si nkhani ya kukongola chabe. Pa zithunzi za maboti akunja muona navy blue paliponse ndipo ambiri amafuna yomweyo, koma ngati boti lanu likupita ku Luangwa ganizani kawiri. Ntchentche za tsetse, zija ena amati kashembe, zimakopeka ndi buluu ndi wakuda, nchifukwa chake misampha yake ija mumaiona yopachika m'tchire amaipanga ndi nsalu ya buluu ndi yakuda. Kuika denga la buluu kuchigwa ndi kuitanira tsetse pa anthu amene mwanyamula, ndipo kuluma kwake kumapweteka, osanenanso za matenda a kaodzera amene zimafalitsa. Khaki, mtundu wa mchenga, girini wofwifwa, imeneyo ndiye mitundu ya kuno. Yoyera mbee imazizira koma matope ofiira a Luangwa ndi zitosi za mbalame zimaoneka tsiku lomwelo, komanso kuwala kumadutsa nkumathobwa m'maso.

Manje tifike pa ulusi, pamene matenti ambiri amathera. Telala wa mipando ya magalimoto kapena wosoka nsapato amakonda ulusi wa nylon ndipo sakulakwa, mukaukoka ndi manja ndi wolimba kuposa ena onse, mkati mwa galimoto umakhala zaka. Koma nylon padzuwa ndi yofooka kwambiri, komanso imamwa madzi nkutamuka, ndiye msoko wa pamwamba pa denga umene ukuona dzuwa tsiku lonse ndi umene umayamba kuduka. Ulusi wa thonje umaola, osayesa nkomwe. Wofunika ndi bonded polyester wotetezedwa ku UV, pa koni palembedwe V-92 kapena Tex 90, manambala osonyeza kukhuthala kwa ulusi, ngati nsalu ndi yokhuthala ngati PVC ya mathiraki V-138 kapena Tex 135. Umenewu umakhala ndithu koma nawonso dzuwa lathuli limaugonjetsa nsalu ya acrylic isanathe, ndiye yembekezani kudzasokanso misoko ya pamwamba pakapita zaka zingapo. Pamwamba pa onse pali ulusi wa PTFE, mtundu womwewo wa pulasitiki umene amati Teflon, wodziwika ndi Tenara wa kampani ya Gore. Dzuwa siliukhudza, Jik saukhudza, suola, umatha limodzi ndi nsalu. Koni yake ndi yodula ndipo ndi woterera, telala amayenera kukhala pansi kusintha tension ya makina mpaka msoko ugwire bwino, ena amadandaula poyamba. Koma werengani bwino, pa tenti yonse ulusi ndi kagawo kakang'ono ka mtengo, pamene kumasula tenti pa boti, kuinyamula kuchoka ku Mfuwe kubwera ku Chipata ndi kulipira wosoka kachiwiri ndi ndalama zenizeni. Ngati mwakwanitsa kugula acrylic yeniyeni, kuisoka ndi ulusi wa pamsika ndi kutaya ndalama zanu zomwe. Ine ndingakonde munthu agule ripstop yapakatikati ndi ulusi wabwino kusiyana ndi Sunbrella yosokedwa ndi nylon.

Kasokedwe nakonso. Makina a m'nyumba aja sakoka ulusi wa V-92 bwino, pamafunika makina a industrial a walking foot amene amakoka nsalu pamwamba ndi pansi nthawi imodzi, ndi singano ya saizi 18 kapena 20. Masitichi akhale atali, mamilimita 5 kapena 6, chifukwa akayandikana maningi timabowo ta singano timapanga mzere wong'ambikira, makamaka pa PVC ndi pa pulasitiki ya mawindo. Singano ikakula kuposa ulusi bowo limatsala ndipo mvula imadontha pamenepo. Misoko ya padenga ikhale yopindirana ya mizere iwiri, nsalu ya kumtunda ikhale pamwamba pa ya kumunsi kuti madzi adutse osalowa. Acrylic ndi polyester aziidula ndi mpeni wotentha kapena soldering iron kuti m'mphepete musungunuke nkutseka, akadula ndi sizasi imasololoka. Ngati muli kale ndi tenti, kandani msoko wa pamwamba ndi chikhadabo lero lomwe, ulusi ukaduka kapena kutuluka fumbi pitani nayo akasokenso mphepo ya mvula yoyamba isanaisasule, chifukwa msoko ukamasuka pa mphepo nsalu imakupiza mpaka kung'ambika ndipo pamenepo si nkhani ya ulusinso.

Mawindo ndi chinthu chimene chimakalamba msanga pa zonse, olo mugule abwino bwanji. Pulasitiki yoonekera ija amagulitsa pa mita mu hardware yoyala patebulo ilibe chitetezo cha UV, padzuwa imachita chikasu, kenako bulauni, kenako imasweka. Ya maboti amaiyeza ndi gauge, 20 ndi theka la milimita, 30 ndi pafupifupi 0.75 mm, 40 ndi milimita imodzi. Ya 20 ndi yofewa yosavuta kukulunga koma imachita makwinya ndipo zinthu zimaoneka zokhota, ya kutsogolo kwa woyendetsa ikhale 30 kapena 40 chifukwa pa Luangwa muyenera kuona zitsa zoyandama, mchenga ndi mitu ya mvuu zikadali patali. Pali ya mumpukutu, yotchipirapo, ndiye pali press-polished imene amaipanikiza pakati pa zitsulo zosalala nkugulitsa ngati mapepala akuluakulu, imeneyo imaoneka ngati galasi, ndipo ina monga Strataglass anaipaka zoteteza kukalika. Pulasitiki ina yotchedwa polycarbonate imaoneka bwino koposa koma ndi youma, siikulungika, pa boti laling'ono mudzasowa poiika.

Zimene zimapha mawindo ndi zinthu zimene timakhala nazo pa boti tsiku lililonse. Mankhwala odzola othamangitsa udzudzu amene ali ndi DEET amasungunula pulasitiki, munthu akadzola nkugwira windo chidindo cha dzanja lake chimatsala mpaka kalekale, ndipo ku Luangwa mlendo aliyense amakhala atadzola. Mafuta odzola oteteza dzuwa chimodzimodzi. Petulo ndi oilo wa injini ya 2-stroke zikadonthera zimafewetsa nkusiya banga. Mankhwala otsukira magalasi a galimoto amene ali ndi ammonia amaumitsa pulasitiki. Ndipo chofala kwambiri, mnyamata wa boti amatenga kansanza kouma nkupukuta fumbi la Seputembala, fumbi lija ndi timchenga, akukala windo lonse osadziwa. Muuzeni athire madzi ambiri kaye fumbi litsike lokha, kenako sopo wofewa ndi kansalu kofewa. Windo lisakhudze paipi, chitsulo chikatentha masana chimawotcha mzere wabulauni umene suchoka, kulungani paipiyo ndi nsalu kapena siyani mpata. Posunga muzikulunga osati kupinda, muike chitenje chakale pakati kuti pulasitiki isamamatirane, ndipo m'mawa wa Juni ndi Julayi ikakhala youma ndi kuzizira dikirani dzuwa liifewetse musanaifunyulule. Popeza mawindo adzatha nsalu isanathe, uzani telala kuti chigawo chilichonse chikhale pachokha ndi zipi yake, pulasitiki isokedwe mkati mwa mkombero wa nsalu, kuti tsiku losintha mudzangochotsa imodzi osamasula tenti yonse.

Kunena zoona, kuno sitifuna mawindo ambiri ngati a ku Ulaya amene akuthawa kuzizira. Boti lotsekedwa ndi pulasitiki mbali zonse mu Febuluwale simungakhalemo. Chimene ndimalangiza ndi windo labwino kutsogolo, m'mbali makatani a mvula okulungira m'mwamba, ndiye kumbuyo kwake neti. Neti yake osati ya pabedi, imeneyo siichedwa padzuwa, koma mesh ya polyester yokutidwa ndi PVC, kapena shade net ya 80 kapena 90 peresenti ngati mukufuna mthunzi chabe.

Zipi ikhale ya mano a pulasitiki akuluakulu, nambala 10, monga YKK Vislon, ndipo kokokera kake kakhalenso ka pulasitiki ngati mwakapeza chifukwa kachitsulo kotchipa kamachita dzimbiri loyera ngati ufa nkugwira osayendanso. Zipi ya coil ija yooneka ngati sipuling'i imakhota bwino pa makona koma mano ake anasokerera ndi ulusi, dzuwa likadya ulusiwo zipi yatha, komanso mchenga umalowamo. Zipi iliyonse ikhale ndi kansalu koiphimba kunja, chifukwa tepi yake ndi polyester wamba ndipo ikakhala pamtetete imayamba kung'ambika iyo nsalu isanatero. Velcro padzuwa siikhalitsa, ikani pamene pabisika chabe.

Mabatani omatira ndi timaringi ta zingwe pitani ndi maginito pogula. Abwino ndi a stainless kapena a brass wokutidwa ndi nickel, amenewo maginito sawakoka kapena amangowakoka pang'ono kwambiri. Akamata nga pa maginito ndi chitsulo wamba chopaka zonyezimira, mvula imodzi dzimbiri layamba, ndipo dzimbiri silimangodetsa nsalu, limadya ulusi wozungulira mpaka batani kuzuka ndi nsalu yake. Pamene pakukoka mphepo yambiri, monga kutsogolo, mabatani opotokola aja a twist-lock amagwira kuposa omata. Paliponse pamene pali batani kapena ringi nsalu ipindidwe katatu kapena muike lamba mkati. Kwa amene maboti awo amapita ku nyanja ya Malawi, mwera wa pakati pa Meyi ndi Ogasiti ndi umene udzayese mabatani anu, musachepetse chiwerengero chake.

Mapaipi sindichedwapo. Stainless 316 ili ndi molybdenum 2 mpaka 3 peresenti yolimbana ndi mchere, ife madzi athu safuna zimenezo, 304 ndi yokwanira ndipo ndi yotchipirapo. Aluminium ya anodized ndi yopepuka, yabwino pa banana boat, koma imapindika msanga ndipo mabauti a stainless akalowa mu aluminium pa chinyezi zimadyana, pakanipo girisi kapena ikani kawasha ka pulasitiki pakati. Kukula kwa paipi 22 mm pa denga laling'ono, 25 mm pa lalikulu. Ambiri amapita kwa owotcherera m'tauni kukapangitsa felemu ya chitsulo wamba, zimatheka ngati ndalama zavuta, bola apale powotcherera ponse pasalale, apake primer ndi penti bwino, ndipo pamene nsalu ikugona pa chitsulo pakhale lamba pakati.

Pali chinthu chimodzi chimene sindifuna muchidumphe. Injini ya petulo imatulutsa carbon monoxide, mpweya womwewo umene umapha anthu akagona ndi mbaula m'nyumba yotseka, ulibe fungo ulibe mtundu. Boti likamayenda pang'onopang'ono litatsekedwa kutsogolo ndi m'mbali koma kumbuyo kuli kotsegula, mphepo imazungulira nkukokera utsi wa injini mkati mwa tenti. Munthu amayamba mutu, chizungulire, tulo, ena nkumati ndi dzuwa. Injini ikamalira kutsogolo kukhale kotsegula pang'ono kuti mpweya uzidutsa, ndipo ana asakhale kumbuyo pafupi ndi injini tenti ili yotseka. Mazipi akhale otsegukira mkati ndi kunja komwe, zokokera mbali zonse ziwiri, chifukwa boti likagubuduzika anthu ayenera kutuluka msanga, ndipo mphepo ya mkuntho ikayamba kulungani makatani a m'mbali chifukwa amagwira mphepo nkukankha boti cham'mbali.

Kuchapa ndi madzi ozizira, sopo wofewa ndi burashi yofewa, osati sopo wa ufa wamphamvu komanso osati makina a pressure a ku car wash, zimenezo zimachotsa mankhwala otsetseretsa madzi aja ndi kutsegula misoko. Chuku pa acrylic chimamera pa fumbi ndi zitosi zimene zakhala pamwamba osati pa nsalu yeniyeniyo, so kungotsuka ndi madzi kawirikawiri kumathandiza kwambiri. Chikamera kale, kapu imodzi ya Jik ndi sopo pang'ono mu malita 4 a madzi, musiye mphindi 15 nkutsukuluza bwinobwino, koma izi ndi za solution-dyed acrylic yokha, pa ripstop ya thonje Jik amadya ulusi, ndipo muchitire kumtunda kutali ndi mtsinje. Ikauma thirani madzi pang'ono muone, akapanga timadontho nkugubuduzika zili bwino, akalowa nsalu nkuda ndi nthawi yopaka mankhwala atsopano, 303 Fabric Guard pa acrylic kapena canvas sealer ya matenti pa ripstop, ndipo mwezi wabwino wochitira zimenezi ndi Okutobala, nsalu imauma msanga ndipo mvula isanafike. Luangwa ikaphwera boti nkukwera kumtunda, chotsani tenti yonse, iume masiku awiri pamthunzi, muipachike m'mwamba kapena muiike mu dramu lotseka, osati pansi pa sitolo pafupi ndi matumba a chimanga pamene makoswe amadutsa.